Takisi ya Philip Glass

Ena akamakamba za Philip Glass, katswiri wopeka nyimbo wa ku America yemwe adabadwa mu 1937 ku Baltimore, amamumvera chisoni poti ankayendetsa takisi ndi kukonza mipope ya madzi ku New York. Ine chisonicho ndilibe. Mu 1976 sewero lanyimbo la Einstein on the Beach, lomwe adapanga ndi Robert Wilson, lidadzaza holo ya Metropolitan Opera koma lidasiya ngongole, ndipo mkuluyu adabwerera pachiwongolero. Maganyu amenewa ndiwo ankamudyetsa, choncho sadafunikire kusintha nyimbo zake zobwerezabwereza zija kuti asangalatse eni ndalama. Akadakhala wodalira malipiro a bwana mmodzi, ndikukayika ngati akadalimba mtima kupeka sewero la maola pafupifupi asanu lopanda nthawi yopumira.