Mbewa ya manyazi pa msika wa nyimbo

Irene ndi kamudzi kabata m'dera la Centurion, pafupifupi makilomita 20 kummwera kwa mzinda wa Pretoria. Dzina lake lidachokera kwa mwana wamkazi wa Alois Nellmapius, mkulu wa zamalonda amene adali mwini malowo, ndipo alendo amapitako kukaona nyumba ya Jan Smuts ku Doornkloof kapena kukagula mkaka pa famu yakalekale ya ng'ombe. Mwa anthu amene amasesa masamba, kutchetcha kapinga ndi kuchapa zovala m'nyumba za kumeneko muli Amalawi ochuluka ndithu, ochokera ku Mzimba, Nkhata Bay, Mangochi ndi maboma ena. Lamulungu likakwana, ena mwa iwo amatsogolera makwaya m'matchalitchi a ku Tembisa ndi Olievenhoutbosch, ndipo alipo achinyamata amene amajambula nyimbo zawo usiku m'kachipinda ka lendi, akuyembekeza kuti tsiku lina wina adzazimva.

Wina ameneyo sakhala kutali. Makampani akuluakulu ojambula ndi kugulitsa nyimbo m'chigawo chino cha Africa ali ku Johannesburg, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Irene. Mu 2025 msonkhano wa ACCES, umene bungwe la Music In Africa Foundation limakonza, udachitikira mu mzinda wa Tshwane momwemo, utazungulira kale ku Dakar mu 2017, Nairobi mu 2018, Accra mu 2019, Johannesburg mu 2021, Dar es Salaam mu 2022 ndi 2023, komanso Kigali mu 2024. Funso n'lakuti, msika ukafika pakhomo chonchi, ndi angati mwa oimba ongoyamba kumene amene amatha kulowamo ndi katundu wawo?

Pa misonkhano yotereyi pamakhala chionetsero chimene eni malonda a nyimbo amachitcha showcase. Chimasiyana ndi dansi ya kumapeto kwa sabata imene anthu amalipira pakhomo kuti akavine. Woimba amapatsidwa mphindi 30 kapena 45 zokha, ndipo anthu ofunika kwambiri m'holomo si amene akuvina kutsogolo, koma amene aima kumbuyo ndi kabuku m'manja: okonza maphwando a nyimbo a m'mayiko ena, eni makampani a zimbale, atolankhani ndi anthu amene ntchito yawo ndi kupezera oimba malo oimbira. Iwowa amabwera kudzagula. Ngati woimba awagwira mtima, mawa lake amakhala naye pansi n'kukambirana za masiku, mtengo ndi matikiti a ndege. Ngati sawagwira mtima, amatuluka nyimbo yachitatu isanathe kupita kukamvera wina, popeza usiku umodzi pamakhala magulu ambiri. Msika waukulu wa mtunduwu, WOMEX, udayamba ku Berlin mu 1994. Ku Africa kuno kudabwera Moshito ku Johannesburg mu 2004, Atlantic Music Expo ku Cape Verde mu 2013 ndi Visa For Music ku Rabat mu 2014.

Kuti munthu amvetse ubwino wa dongosololi, ayenera kukumbukira m'mene zinthu zinkayendera kale. M'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1960, makampani a ku Joni ankalemba ntchito anthu oyendayenda m'makomboni kufunafuna luso, ndipo woimba ankaonana ndi wogula mmodzi yekha, m'chipinda chotseka, popanda wina womuuza mtengo weniweni wa chimene wanyamula. Solomon Linda adajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mu 1939 ndipo adalandira mashiling'i 10. Nyimboyo idaoloka nyanja, idasandulika The Lion Sleeps Tonight, idalowa mu kanema wa The Lion King mu 1994, pamene mwini wake adamwalira ali mmphawi mu 1962. Ana ake adalandirapo ndalama pambuyo pa mgwirizano umene udachitika mu 2006, mlandu utafika kukhoti. Chionetsero cha poyera chili ndi zofooka zake, koma chimaika ogula ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo pamene ogula achuluka wogulitsa amapezako mpata wonena mtengo.

Kwa Amalawi, njira yotulukira kunja kwa nthawi yaitali idali ya mwayi chabe. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela, nyimbo imene idafika ku Malawi kuchokera kummwera m'nthawi ya maulendo a ku migodi, ndipo dziko lakunja lidawadziwa chifukwa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo ku Blantyre mu 1967. Anyamata a Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu pamene Ian Brennan wa ku America adawapeza n'kujambula chimbale chawo choyamba, chimene chidatuluka mu 2012. Nkhani zimenezi n'zokoma kuzimva, koma dziko silingamange chuma cha oimba ake pa chiyembekezo chakuti mlendo wa kalumo kakuthwa adzadutsa pamsewu tsiku limene gitala lili m'manja. Pa gulu lililonse limene lidapezedwa motere, alipo ena ambiri amene mlendoyo sadadutse kwawo.

Ntchito ya Music Crossroads, imene bungwe la Jeunesses Musicales International lidayambitsa mu 1995, idayesa kuika dongosolo pamene padali mwayi. Achinyamata a ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe ankapikisana kuyambira m'zigawo za m'dziko lawo mpaka pa chikondwerero cha mayiko onse asanu, akuphunzitsidwanso za kakonzedwe ka nyimbo, za ufulu wa mwini nyimbo ndi za kapewedwe ka Edzi. Opambana ankapita kukaimba ku Ulaya. Gulu la Body, Mind and Soul la ku Mzuzu lidapambana mu 2007. Chaka chotsatira, mu 2008, mpikisanowo udachitikira ku Lilongwe ndipo adapambana ndi anyamata a ku Victoria Falls otchedwa Mokoomba, amene chimbale chawo cha Rising Tide cha mu 2012 chidawafikitsa pa nsanja zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America. Anthu ambiri a ku Lilongwe sadziwa kuti limodzi mwa magulu otchuka kwambiri a ku Zimbabwe lidatsegulirwa khomo mu mzinda wawo.

Chitsanzo chimene oimba achinyamata ayenera kuchisinkhasinkha kwambiri ndi cha Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, wina ndi babatoni wopanga yekha wa nsambo imodzi, wina ndi gitala la nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Ambiri odutsa ankawaona ngati opemphetsa. Mu 2017 adaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kumene okonza maphwando a ku Ulaya amabwera chaka ndi chaka kudzasankha oimba, ndipo pasanapite nthawi adayamba maulendo a kunja. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa zimbale zawo, Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022, ndipo mu 2025 adaimba ku Glastonbury ku England. Chimene ogula aja adaona n'chosavuta kuchifotokoza. Adaona anthu awiri okha, otsika mtengo kuwanyamula pa ndege, oimba chinthu chimene sichipezeka kwina kulikonse, ndiponso okhoza kuvinitsa khamu kwa ola lathunthu popanda kompyuta. Zaka za mumsewu zija ndizo zidali sukulu yawo.

Apa ndi pamene mnyamata wa ku Centurion amene akujambula amapiano pa foni ayenera kudzifunsa mafunso owawa. Amapiano adabadwira m'makomboni a Gauteng, ndipo ku Mamelodi, Soshanguve ndi Atteridgeville kuli achinyamata osawerengeka amene adakulira m'nyimboyo. Mlendo amene afuna kuwaposa pa gule wawo womwe wasankha phiri lalitali. Palibe choletsa kuimba za eni dziko, ndipo mbiri ili ndi umboni wakuti magazi a ku Malawi adathandiza kumanga nyimbo za ku South Africa: Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene adaimba gitala pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, adali wa banja lochokera ku Malawi, ndipo Erik Paliani ndiye adakonza chimbale cha Phola cha Hugh Masekela cha mu 2009. Koma wogula amene wamvera magulu khumi usiku umodzi amakumbukira limene lidamveka mosiyana ndi ena. Manganje, vimbuza, beni, malipenga ndi tchopa ndi chuma chimene mnyamata wa ku Mamelodi alibe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti eni ake ambiri amachisiya pa chipata cha Mwanza ngati katundu wochititsa manyazi.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa misika yambiri ya mtunduwu woimba salipidwa, kapena amalandira kangachepe, chifukwa eni msika amati malipiro ake ndi mwayi woonedwa. Nthawi zambiri ulendo ndi malo ogona amadzilipirira yekha kapena kufuna bungwe lomuthandiza. Ngakhale ku America nkhaniyi idabutsa mkangano: mu 2023 oimba adadandaula poyera kuti chikondwerero cha South by Southwest ku Austin chinkapereka madola 250 okha ku gulu lonse, kapena chiphaso cholowera m'malo mwa ndalama. Ngati oimba a m'dziko lolemera akulira, kuli bwanji gulu la anthu asanu ndi mmodzi lochokera ku Ndirande kapena ku Chipata, limene liyenera kupeza mapasipoti, ziphaso zolowera m'dziko la eni ndi ndalama zakunja zimene ngakhale mabanki akuzisowa?

Palinso nyerere zina zoluma kwambiri. M'mizinda ikuluikulu mwabuka anthu amene amabwereka dzina la showcase n'kuitana oimba ongoyamba kumene kuti alipire ndalama yolembetsera, kapena kuti agulitse okha matikiti angapo asanapatsidwe mphindi khumi pa nsanja. Amalonjeza kuti kudzabwera akuluakulu a makampani, koma tsikulo likafika m'holomo mumadzaza abale ndi anzawo a oimba omwewo, aliyense akudikira kuti wake aimbe kuti azipita. Phindu lonse limatsala kwa wokonza. Safunsa adadya phula: woimba ali ndi ufulu wofunsa maina a ogula amene atsimikiza kubwera, kufunsa amene adasankha oimbawo ndi njira imene adatsata, ndi kufufuza kumene adafika amene adaimba pa nsanjayo chaka chatha. Misika yodalirika imalengeza poyera nthawi yolembetsera, imakhala ndi gulu la akatswiri losankha oimba, ndipo imasindikiza maina a nthumwi zimene zikubwera.

Ndipo ngakhale pa msika weniweni, mphindi 30 zija zimapindulira yekhayo amene wafika atakonzeka. Wogula akachita chidwi amafuna kuona kanema wa gululo likuimba pamaso pa anthu, nyimbo zojambulidwa bwino, zithunzi, mbiri yaifupi ya gululo, mndandanda wa zipangizo zimene limafuna pa nsanja, ndi munthu mmodzi amene amayankha makalata msanga. Magulu ambiri aluso amagwa pa chomalizachi, pakuti kalata yochokera ku Ulaya imatha milungu itatu osayankhidwa ndipo malowo amapatsidwa kwa ena. Nyimbo nazo ziyenera kukhala zolembetsedwa woimba asanakwere pa nsanja, ku COSOMA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza eni luso ku Malawi, kapena ku SAMRO, limene lakhala likugwira ntchito yotolera ndalama za opeka nyimbo ku South Africa kuyambira 1961. Pepala lililonse la mgwirizano liyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa malamulo lisanasainidwe, ngakhale wolipereka akhale womwetulira chotani.

Kwa Amalawi a ku Gauteng pali chopinga china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda visa, koma chilolezo chimenecho si cha ntchito, ndipo kuimba kolandira malipiro ndi ntchito. Woimba wochokera kunja amafunika chilolezo chapadera pansi pa gawo 11(2) la lamulo loona za olowa ndi otuluka la mu 2002. Amene masiku ake adatha kalekale amaopa ngakhale kulemba dzina lake lenileni pa fomu, ndipo wokonza chikondwerero wa ku France kapena ku Germany sangaitane munthu amene sangathe kutuluka pa bwalo la ndege la OR Tambo n'kubwereranso. Akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma mbewa iyi sikuti ili ndi manyazi, ikuopa mphaka amene ali pakhomo.

N'chifukwa chake yankho lenileni liyenera kuchokera kumudzi. Malawi ali ndi zikondwerero zimene zatsegulira ena makomo: Lake of Stars, imene idayamba ku Chintheche mu 2004, ndi Tumaini, imene wolemba ndakatulo Menes la Plume adayambitsa ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka mu 2014. Sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2013. Chimene chikuchepa ndi ndalama zoitanira ogula ndi zotumizira oimba. Mayiko amene nyimbo zawo zimamveka kutali ali ndi mabungwe amene amalipira tikiti ya gulu limene lasankhidwa ku msika wakunja, chifukwa amawerengera kuti gululo likapeza maulendo lidzabweretsa ndalama zakunja monga amachitira fodya ndi tiyi. Makampani a mafoni, mabanki ndi opanga zakumwa ku Malawi ndi ku Zambia amathira ndalama zambiri pobweretsa oimba otchuka a ku Nigeria ndi ku South Africa kuti adzaimbe usiku umodzi. Gawo laling'ono la ndalama zomwezo likhoza kubweretsa okonza maphwando khumi ochokera ku Maputo, Harare, Johannesburg ndi Zanzibar, kuwagoneka masiku atatu ku Lilongwe, ndi kuwaika kumbuyo kwa holo pamene magulu a ku Karonga, Dedza, Tete ndi Lundazi akuimba mphindi 30 lililonse.