Munthu mmodzi pa sitima ya mabogi 72

Usiku wa pa 5 Julaye 2013, woyendetsa sitima ya katundu anaimika mabogi 72 a mafuta ku Nantes, m'dziko la Canada, napita kukagona. Anali yekha, pakuti kampani ya Montreal, Maine and Atlantic inkayendetsa sitima ndi munthu mmodzi. Mabuleki amanja amene anamanga sanakwanire. Pakati pa usiku sitimayo inatsetsereka yokha kufikira m'tauni ya Lac-Mégantic, nigubuduka, niyaka moto. Anafa anthu 47.

Ena amaloza chala woyendetsayo. Bwalo la milandu linamupeza wosalakwa mu 2018. Ine ndifunsa: pamalo popanda mnzake, akanamukumbutsa ndani kuti mabuleki achepa?

Eni njanji ku America ankadandaula kuti antchito akusowa. Ankasowa bwanji, pamene iwo omwe anachotsa anthu zikwizikwi pofuna kukondweretsa eni masheya? Mu 2022 otsalawo anapempha kuti azilipidwa masiku amene adwala, nakanizidwa. Munthu wotopa, woopa kudwala, ndiye ankamupatsa sitima yodutsa pakati pa nyumba za anthu! Ndipo boma litalamula mu 2024 kuti pa sitima pazikhala antchito awiri, makampaniwo anathamangira kukhoti kukatsutsa.