Kodi wapolisi afunse chiphaso kwa munthu wodzadandaula?

Ku United States kuli mkangano umene watha zaka zambiri osazirala, ndipo ife tiyesa kuti awerengi athu, makamaka a ntchito za Boma ndi aphunzitsi, achita bwino kuumvetsa. Funso lake ndi ili: munthu akafika ku polisi kudzadandaula kuti akuba amthyolera nyumba, kodi wapolisi amfunse ngati ali ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo? Nanga akadziwa kuti alibe, kodi akampereke kwa oona za alendo kuti ampitikitse?

Dziko limenelo liri ndi zigawo 50, ndipo chigawo chiri chonse chiri ndi Bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi apolisi ake. Pamwamba pa zonsezo pali Boma la Chitaganya la ku Washington. Ntchito yololeza mlendo kulowa m'dziko ndi yomchotsa ndi ya Boma la Chitaganya lokha, ndipo kuyambira 1 Malichi 2003 nthambi yogwira alendo osaloledwa m'kati mwa dziko ndiyo yochedwa ICE. Koma alendo otere ngochuluka: Boma lomwelo linawerengera kuti mu 2022 analipo ngati 11 miliyoni. Pa khamu lotere antchito a ICE okha sakwanira, chotero nthambiyi imayang'ana kwa apolisi a m'zigawo ndi ku ndende zawo.

Kachitidwe kake nkotere. Munthu akamangidwa pa mlandu uli wonse, zidindo za zala zake zimatumizidwa ku Boma la Chitaganya. A ICE akamzindikira amalembera oyang'anira ndende kalata yopempha kuti amsungebe maola 48 pamwamba pa nthawi imene akadamasulidwa, kuti iwo adzamtenge. Kalata imeneyi woweruza milandu saisaina. Mu 2014 bwalo lina ku Oregon linagamula kuti dera la Clackamas linaphwanya ufulu wa mayi wina pomsunga m'ndende chifukwa cha kalata yotereyi yokha, ndipo zitatero ndende zambiri zinayamba kukana mapempho amenewa poopa kulipitsidwa.

Zigawo zina zaika malire pa thandizo limene antchito awo angapereke. Chinayamba ndi chigawo cha Oregon, chimene mu 1987 chinaletsa apolisi ake kuononga ndalama ndi nthawi posaka anthu amene mlandu wawo ndi wa chilolezo wokha. Mu 2018 anthu a kumeneko anafunsidwa pa chisankho ngati lamulolo lichotsedwe, ndipo anakana. Mu 2017 Bwanamkubwa Jerry Brown anasaina lamulo la California loletsa apolisi kufunsa munthu za chilolezo chake ndi kumsunga chifukwa cha pempho la ICE. Chaka chomwecho Bwanamkubwa Bruce Rauner wa ku Illinois, amene anali wa chipani cha Republican, anasainanso lamulo lofanana nalo. Chigawo cha Texas chinalowera kwina: lamulo lake la 2017 lilola wapolisi kufunsa za chilolezo kwa munthu amene wamgwira, likakamiza ndende kumvera makalata a ICE, ndipo mkulu wokana angathe kuchotsedwa pa udindo.

Chifukwa chimene malamulowa alimbikira pa kuletsa funso nchakuti mu 1996 Nyumba ya Malamulo ya ku Washington inalamula kuti chigawo chisaletse antchito ake kuuza Boma la Chitaganya zimene adziwa za chilolezo cha munthu. Lamulo limenelo silinakakamize wina ali yense kufunsa. Zigawo zinaona mpata pamenepo, pakuti chimene wantchito sanafunse sachidziwa, ndipo chimene sachidziwa sangachiulule.

Wina adzafunsa kuti, nanga chigawo chingakanire bwanji Boma lalikulu? Yankho liri m'malamulo oyendetsera dzikolo, amene kuyambira 1791 anena kuti mphamvu zosapatsidwa kwa Boma la Chitaganya zitsalira zigawo ndi anthu. Mu 1842, pa mlandu wa Prigg v. Pennsylvania, Bwalo Lalikulu linati ntchito yobweza akapolo othawa inali ya Boma la Chitaganya, koma zigawo sizinali zokakamizidwa kupereka antchito awo kuti aigwire. Chaka chotsatira Massachusetts inaletsa antchito ake ndi ndende zake kuthandiza pa ntchito yonyansayo. Mu 1997, pa mlandu wa Printz v. United States, Bwalo lomwelo linakaniza Boma la ku Washington kutuma akulu a apolisi a m'zigawo kufufuza anthu ogula mfuti. Potsata mfundo imeneyi bwalo la apilo linabvomereza lamulo la California mu 2019, ndipo mu 2020 Bwalo Lalikulu linakana kuubwereza mlanduwo. Mu Febuluwale 2025 Boma la Pulezidenti Donald Trump linasumira Illinois ndi mzinda wa Chicago, koma mu Julaye chaka chomwecho woweruza anautaya mlanduwo pa chifukwa chomwechi.

Ife tiona kuti zigawo zoletsa kufunsa zachita mwanzeru, ndipo ali yense amene anakhalapo pa desiki ya Boma adziwa chifukwa chake. Ntchito ya wapolisi imayenda ndi mboni. Mbiri ikangowanda m'mudzi yakuti wopita kukanena mlandu sabwerako, mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake adzakhala chete, wantchito wobedwa malipiro adzangolira chamumtima, ndipo amene anaona munthu alikuphedwa adzati anali m'tulo. Wopindula ndi mbala, imene mawa idzathyola nyumba za nzika zomwe. Zimenezi anazizindikira ndi apolisi eni ake: mu 1979 mkulu wa apolisi a ku Los Angeles, Daryl Gates, munthu wodziwika ndi dzanja lolimba, analamula kuti apolisi ake asaimitse munthu pongofuna kudziwa za chilolezo chake. Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Wapolisi wofuna kulonda mudzi ndi kulonda malire a dziko nthawi imodzi adzalephera ntchito zonse ziwiri.

Aphunzitsi nawo nkhaniyi iwakhudza. Mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, Bwalo Lalikulu linagamula kuti Texas inalakwa pomana maphunziro ana opanda chilolezo, pakuti mwana sasankha kumene makolo ake amtengera. Komabe mu Januwale 2025 Boma la ku Washington linachotsa langizo lakale limene linkaletsa a ICE kugwira anthu pa sukulu, pa chipatala ndi pa nyumba zopemphereramo. Zinthu zikafika potere, kaundula wa mphunzitsi wamkulu asanduka chinthu chimene makolo achiopa. Sukulu imene siifunsa chiphaso cha makolo ndiyo ingathe kulonjeza moona mtima kuti dzina la mwana lalembedwa chifukwa cha maphunziro basi.

Komatu sitibisa kuti otsutsa malamulowa ali ndi mfundo yomveka. Mu Julaye 2015 ku San Francisco mayi wina anafa ndi chipolopolo cha mfuti imene inali m'manja mwa munthu wopitikitsidwapo m'dzikomo kasanu. Oyang'anira ndende ya mzindawo anali atammasula miyezi yowerengeka m'mbuyomo osalabadira kalata ya ICE. Mu 2017 bwalo silinampeze wolakwa pa mlandu wakupha, koma funso lakuti anammasuliranji silinathe m'mitima ya anthu. Chotero lamulo labwino liyenera kusiyanitsa munthu wodzadandaula ndi munthu amene bwalo lampeza kale ndi mlandu waukulu. Lamulo la California litero, pakuti lilola ndende kupereka kwa ICE anthu olakwa pa milandu yoopsa imene yalembedwa mndandanda. Pamene chigawo chiletsa ngakhale zimenezi, ife sitingachiikire kumbuyo. Ndipo Boma la Chitaganya likafuna kuti munthu asungidwe m'ndende tsiku lake lotuluka litakwana, libwere ndi chikalata cha woweruza, monga achitira ali yense wofuna kulanda mnzake ufulu.

Mau otsiriza apite kwa abale athu okhala ku America ndi iwo olingalira za ulendo. Malamulo a zigawowa amangomanga manja a wapolisi wa chigawo, sapatsa munthu chilolezo chokhala m'dziko. A ICE ali ndi mphamvu zogwira munthu ku California ndi ku Illinois monga momwe achitira ku Texas, ndipo chigawo sichingawaletse. Tikumbukenso kuti mu Ogasiti 2025 Boma la United States linasankha Malawi ndi Zambia kukhala maiko oyamba amene anthu ake okacheza kapena okachita malonda anayenera kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 asanalandire viza, ndipo chifukwa china chimene linatchula chinali cha anthu opyola masiku awo. Munthu mmodzi wopyola masiku alemetsa ulendo wa anzake onse obwera m'mbuyo. Inu aphunzitsi ndi a ntchito za Boma, amene achibale amakufunsani nzeru pa zotere, auzeni ayang'anitsitse tsiku limene anawaikira polowa m'dzikomo ndipo alisunge.