Kwathu Nkuti?

Ine ndinabadwira m'dziko la Mfumu Mburuma, m'boma la Luangwa, limene kale linachedwa Feira. Koma nchito ndigwira ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, ndipo ana anga atatu anabadwira komweko. M'mwezi wa August ndinawatenga pamodzi ndi amai ao kuti akaone ambuye ao. Tinadzera ku Chirundu ndi ku Lusaka, tinatsika pa ulalo wa Luangwa pamene amai agulitsa nsomba zouma, ndipo tinatsata mtsinje kufikira kumudzi.

Tinakhala masabata awiri, ndi kubwerera. Titafika pakhomo pa nyumba imene tilipira ku Highfield, mwana wamng'ono anaponya katundu wace pansi, nati m'ciShona, "Tafika kwathu!" Mau amenewa anandilasa mtima.

Mwanayo sindimdzudzula ai. Mwana acha kwao malo amene agona ndi kusewera. Wolakwa ndine, pakuti ndinakhala zaka 7 osapita nao kumudzi. Motero ndinena kuti kholo lokhala kunja liyenera kutengera ana ace kwao kawirikawiri, ngakhale ulendo udye ndalama zambiri.

Anzanga ena atsutsa. Iwo ati ndalama za basi za anthu asanu zikadagula matumba a cimanga, pakuti cigwa cathu ncotentha, mvula ndi yocepa, ndipo njobvu zimatha munda usiku umodzi. Anena zoona, ndipo caka ca njala inenso ndidzatumiza cimanga ndi kuleka ulendo. Koma amai anga sanalire cimanga. Analira pamene anacha mdzukulu wao m'ciNsenga kuti adze nao madzi, iye nangoima ndi kuyang'ana ine kuti ndimasulire. Anamvana pa mau amodzi okha, "ambuya", cifukwa nao aShona achula agogo motero. Kodi ana awa akadzakula, ine nditamwalira, adzalowa mudzi uti? Ndani adzawasonyeza manda a makolo ao?

Tsiku lina ndinapita nao ku boma, pamene Luangwa athira m'Zambezi. Ndinawaloza Zumbo kutsidya la Luangwa, m'dziko la Mozambique, ndi Kanyemba kutsidya la Zambezi, m'dziko limene anabadwira. Anazizwa kuona kuti Zimbabwe ali pafupi cotero, ife titazungulira masiku awiri pa basi! Ndinawauzanso kuti dzina lakuti Feira ndi la ciPwitikizi, ndipo litanthauza msika, ndi kuti David Livingstone popita pamenepa m'caka ca 1856 anapeza mabwinja a chalichi ndi belu losweka. Wamkulu uja analemba zonsezi m'buku lace, ngakhale sindinamuuze kutero.

Tsono ndiri ndi mau kwa inu, ana a sukulu a ku Luangwa. Pamene mwana wanga wamwamuna anayesa kupereka moni, anapotoza mau, ndipo anyamata ena anamseka kwambiri. Iye anakhala cete masiku awiri, osafuna kuturuka m'nyumba. Anamthandiza ndi msuweni wace, amene anamtenga kukatola masau, namphunzitsa kugwira nkhafi, namcenjeza kuti asaime pafupi ndi madzi akuya cifukwa ca ng'ona. Pofika sabata laciwiri anali kukangana m'ciNsenga za mwini mbedza. Akadza ana otere m'mudzi mwanu, citani monga anacita msuweniyo, pakuti ambiri a iwo ndi abale anu.

Ambuye anatipatsa thumba la masau ouma. M'mawa mwace mwana wamng'ono uja anagawira anzace a ku Highfield, nawauza kuti mtengo wace uli kuseri kwa nyumba ya ambuye ace. Madzulo amai ace anatenga citini cakale ca tiyi, naponyamo ndalama zoyamba za ulendo wa caka ca mawa.