Khutu limodzi ku foni, linzake m'basi

Pa Mande ndinakwela basi ku Chelstone 06:20, ndipo ndinaseluka pa Kulima Tower 07:35. Pa Hybrid tinaima, pa Munali tinaimanso, pa Arcades kondakita anaseluka n'kugula vitumbuwa, n'kukwelanso basi ikalibe kusuntha. Mnyamata amene anakhala pambali panga anali kuseleza cala pa Facebook njila yonse, mpaka bundle inam'thela pa Manda Hill. Anayang'ana foni yake, kenako anayang'ana ine.

"Ba sister, mumvela cani kansi? Museka mweka kucoka ku Chelstone."

Ndinamuuza kuti ndi podcast. Anafunsa ngati ndi nyimbo yatsopano. Ndinalonjeza kuti ndidzayankha bwino m'danga lino, cifukwa si iye yekha amene wandifunsapo.

Podcast ndi pulogilamu yonga ya pa wailesi, koma imene imakuyembekezani. Mumaicita download pa foni, mumamvetsela nthawi imene mufuna, mumaimika kondakita akayamba kutenga ndalama, n'kupitiliza pamene munalekezela. Palibe zakuti nkhani zinapita 13 koloko muli pa mzele ku banki.

Tiyeni tiwelengeko. Ola limodzi m'mawa, lina m'madzulo, masiku asanu pa mlungu, ndi maola 10. Pa milungu 50 ndi maola 500, kutanthauza masiku opitilila 20, usana ndi usiku, muli cikhalile pa mpando wa basi, mabondo atakhomela ku mpando wa patsogolo. Abwana sakulipilani maola amenewa, ndipo ana kunyumba sawaona. Jamu sitingaicotse ife okwela. Cimene tingasankhe ndi cimene cilowa m'mutu pa nthawiyo. Nazi zimene ine ndimamvetsela.

Ndiyamba ndi nkhani. Ya tsiku ndi tsiku ndi Focus on Africa ya BBC. Dzinali akulu-akulu alidziwa, cifukwa pulogilamuyi inayamba pa wailesi mu 1960. Manje ipezekanso monga podcast, ndipo kutalika kwake kulingana ndi mtunda wa pa Munali kufika m'tauni tsiku la jamu. Ofuna za dziko lonse angaonjezeko Global News Podcast, nayonso ya BBC, imene imatuluka kawili pa tsiku mkati mwa mlungu. Wina adzati, za kunja zitikhudza bwanji ife a ku Mtendere? Zitikhudza pa thumba. Mtengo wa mafuta umene ERB imalengeza umatsatila mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse ndi mphamvu ya kwaca pa dola. Mtengo wa kopa wathu amaupangila ku London. Zambia inalephela kulipila nkhongole ya Eurobond mu November 2020, ndipo pangano ndi maboma amene tinawakongola linamveka ku Paris mu June 2023. Zinthu zimenezi zimayenda mpaka zifike pa dzanja la kondakita. Tikakangana naye za mtengo wa basi, nthawi zambili timakalipila munthu wothela pa mzele, amene nayenso madzulo afunika kupeleka ndalama kwa mwini basi.

Za bola ndimamvetsela Football Weekly ya nyuzipepala ya The Guardian, imene amatsogolela Max Rushden ndi Barry Glendenning. Ndikucenjezeni: Cizungu cawo ndi cothamanga, ndipo nthabwala zina ndi za kwawo ku England. Koma ngati ndinu wa Arsenal kapena Manchester United, ndipo mwalema ndi mikangano ya pa stesheni yongoti "timu yanu ni yofoila", kumeneko mudzamva cifukwa cake timu inaluza: ndani anasiya malo ake, kocha anasintha ciani pa hafu taimu. Palinso ma podcast amene amayang'ana kupyola England. Zimenezo n'zofunika kwa ife, cifukwa osewela athu akulu ali kutali. Barbra Banda ndiye anamwetsa cigoli cimodzi cokha cimene cinapatsa Orlando Pride cikho ca NWSL mu November 2024, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala BBC Women's Footballer of the Year. Racheal Kundananji atapita ku Bay FC mu February 2024, ndalama zimene anam'gulila zinaphwanya mbili ya bola ya akazi pa dziko lonse pa nthawiyo. Ndipo kumvetsela bola si cacilendo kwa ife. Atate anga anaona zigoli zambili ndi makutu, pa ka wailesi ka mabatile, kupyolela m'mau a malemu Dennis Liwewe. Mpaka lelo amazifotokoza monga analipo pa Independence Stadium.

Za nyimbo, yoyamba ndi Afropop Worldwide. Inayamba mu 1988 monga pulogilamu ya pa wailesi ku America, ndipo mau amene anthu amaidziwa nawo ndi a Georges Collinet wa ku Cameroon. Amatenga mtundu umodzi wa nyimbo, kaya rhumba ya ku Congo, highlife ya ku Ghana kapena chimurenga ya ku Zimbabwe, n'kufotokoza kumene unacokela, uku akuliza nyimbozo. Mukamvetsela za rhumba, mudzayamba kumva magitala a m'basi mwanu mwa njila ina. Yaciwili ndi Song Exploder ya Hrishikesh Hirway, imene inayamba mu 2014. Woimba amabwela ndi nyimbo yake imodzi n'kuiphwasula: ng'oma payokha, besi payokha, mau payokha, n'kufotokoza mmene anaimangila. Ndi yaifupi, ndipo mnyamata aliyense wa ka studio m'komboni afunika kuimvako.

Kumvetsela zimenezi kunandicititsa manyazi pang'ono. Ndinazindikila kuti ndidziwa zambili za Fela Kuti kuposa za Paul Ngozi. Zamrock, nyimbo za m'ma 1970 za WITCH, Amanaz, Ngozi Family ndi Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, azungu akuzifuna-funa. WITCH, ndi Jagari Chanda patsogolo, inatulutsa cimbale ca Zango mu 2023 ndipo imaimba ku Ulaya ndi ku America. Kuno kwathu, funsani m'basi kuti Amanaz ndani, muone ngati manja afika atatu.

Yothela idzakudabwitsani: njinga. The Cycling Podcast inayambidwa mu 2013 ndi atolankhani atatu, Richard Moore, Lionel Birnie ndi Daniel Friebe. Moore anamwalila mu 2022, koma anzake apitiliza. Pa mipikisano ikulu-ikulu, Tour de France, Giro d'Italia ndi Vuelta a España, amatulutsa gawo tsiku lililonse. Tour de France imatenga milungu itatu, zigawo 21, makilomita opitilila 3,000. Ndinayamba kumvetsela mu 2024, pamene Biniam Girmay wa ku Eritrea anawina zigawo zitatu ndi kutenga jezi yobiliwila. Poyamba ndinali kuganiza kuti ndi nkhani ya kucova cabe mwamphamvu. Kansi ndi masewela a timu: ena nchito yawo ndi kuchinga mphepo, ena kutengela anzawo mabotolo a madzi, kuti mmodzi asunge mphamvu za pa mapeto. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pa msewu unacitikila ku Kigali, koyamba mu Africa.

Kucokela pamenepo ndimayang'ana pa windo mwa njila ina. M'mawa mulimonse pa Great East Road timapitilila amuna okankha njinga zosenza masaka a malasha kuposa msinkhu wawo, ndipo mu jamu iwo ndiwo amatipitilila ife. Ku Chipata njinga ndiyo basi, ndiyo ambulasi, ndiyo galimoto ya katundu. Miyendo tili nayo m'dziko muno. Cimene tilibe ndi malo pa msewu, cifukwa woyenda pa njinga m'Lusaka amapanikizidwa pakati pa ngalande ndi basi yathu yomweyi imene ikuthamangila pasenja.

Nanga bundle? Apa ndiye pali ubwino. Ola limodzi la mau okha limadya pakati pa 30 ndi 60 MB, pamene vidiyo ya ola limodzi imadya kuwilikiza kangapo. Citani download pa wifi ya ku nchito kapena ya ku koleji, kapena ndi bundle ya usiku, ndiye m'basi zimani data. Mungapeze zonse ndachulazi pa Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021, kapena pa Pocket Casts ndi AntennaPod, imene ndi yaulele pa Android. Ndipo popeza sikilini imakhala yozima, batile imakhalitsa. Amene tinapyola mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo malaiti ali kubwela pakati pa usiku, tidziwa mtengo wa 20 pelesenti ya batile.

Manje ndibwele ku mbali imene ena adzanditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Tsiku lina bambo wina wacikulile, wa jekete ndi nyuzipepala m'khwapa, anandigwila pa phewa. "Mwana wanga, nakupatsa moni kawili. Imwe ana a masiku ano mukwela basi monga katundu." Ndinapepesa, koma mumtima ndinati awa ndi madandaulo cabe a okalamba. Patapita milungu iwili, tili pa jamu ya madzulo mu Lumumba Road, ndinali pa windo, makutu onse otseka, foni m'manja. Mai wina kumbuyo kwanga anakuwa kawili, ine osamva. Kacitatu anandikoka dzanja mwamphamvu, ndipo pomwepo dzanja lina linapita pa windo n'kugwila mphepo. "Iwe, nakuuza kudala kuti vala windo! Uyo mnyamata atikonka kucoka paja pa maloboti!" Foni ija ndinali ndikalibe kutsiliza kulipila. Mukanakhala kuti munalibe mai uja, sembe lelo ndilemba nkhani ina.

Kucokela tsiku limenelo lamulo langa ndi limodzi: khutu limodzi cabe. Lina likhale lotseguka. Ndi limene limamva kondakita akati "wa cenji ya 50 ni ndani?", limamva "fendelani uko", limamva mai wa mwana ndi thumba akapempha kuti mumunyamulileko kamodzi. Foni ikhale m'cola, osati m'manja pa windo. Ndipo conde, a kulizila basi yonse pa sipika, lekani. Zimene mwasankha imwe si zimene tasankha tonse.

Koma khutu lotsegukalo lili ndi nchito ina. Bambo wa jekete uja sananame: basi ndi nyumba yathu ya malamulo. M'menemo ndinamva koyamba kuti unga wakwela, nyuzipepala yathu ikalibe kulemba. M'menemo ndinamva mai wa pa Soweto Market akufotokoza cifukwa cake tomato amagwa mtengo ndi kukwela, momveka bwino kuposa akatswili ena amene ndawafunsapo mafunso. M'menemo dalaiva wina anatichulila timu yonse imene inawina AFCON ku Libreville mu 2012, ndi mmene mapenati anathela 8 kwa 7. Zonsezi zimathela pa stesheni, basi ikangoima.

Ndipo apa ndiye pali cimene cimandiwawa pa mndandanda wanga. Zonse ndachula pamwambapa ndi za m'Cizungu, ndipo zipangidwa kunja. Zathu zilipo. That Zed Podcast ndi Kenny T 1 on 1 amakhala pansi ndi oimba ndi anthu ena odziwika a muno kwa nthawi yaitali, ndipo Leading Ladies ya Women's History Museum of Zambia inafotokoza mbili ya akazi amene mabuku a kusukulu anawasiya. Zimenezi zimvetseleni. Koma zambili zathu zili pa YouTube monga mavidiyo, zimene zimadya bundle, ndipo cinenelo cikulu ndi Cizungu ndithu. Amai anga, amene amakwela basi tsiku lililonse kupita ku msika, sangakhale ola lonse kumvetsela Cizungu, ngakhale kuti ndiwo oyamba kumva kuwawa mtengo wa mafuta ukasintha.

Conco pempho langa lipita kwa anzanga amene tinaphunzila nawo utolankhani, amene ena mpaka lelo akali kuyenda ndi ma CV m'maenvulopu. Kupanga podcast sikufuna nsanja ya pa phili. Kufuna foni, cipinda copanda congo, ndi munthu wokonzekela bwino zimene akamba. Tipangileni mamineti 20 pa Mande alionse m'Cinyanja, ofotokoza zimene zacitika mu Super League, osati zigoli cabe koma cifukwa cake Nkana kapena Power Dynamos yasewela motelo. Pitani kwa oimba a kalindula ndi Zamrock amene akali moyo, muwajambule mau akalibe kutisiya monga anatisiyila PK Chishala. Tifotokozeleni bajeti ya boma m'cinenelo cimene timagulila tomato. Ndipo muike monga mau okha, kafailo kocepa kotheka kutumizilana pa WhatsApp. Omvetsela alipo kale, akhala anai-anai pa mpando, m'mawa ndi madzulo.

Kwa iwe mnyamata wa bundle yothela pa Manda Hill, yankho lako ndi ili. Yamba ndi imodzi cabe, imene nkhani yake uikonda kale. Ipatse maulendo atatu, cifukwa tsiku loyamba mau acilendo amalemetsa. Ikakukana, isiye, uyese ina. Tikakumananso pa Chelstone undiuze zimene wamva, ndidzakumva, cifukwa khutu la kumanzele ndimalisiya lotseguka.