Kupatsa n'kuika, ngakhale wolandira ali ndi miyendo inayi

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Ukagawira mnzako chimanga chaka chimene iwe wakolola bwino sunataye, wangosungitsa, ndipo njala ikadzalowa m'nyumba mwako udzakatapa kwa iye. Nzeru imeneyi timaitsata bwino pakati pa anthu okhaokha. Ine ndikuti ifikenso kukhola, kwa bulu, hatchi ndi galu, nyama zimene zimatigwirira ntchito usana ndi usiku koma zikadwala kapena kukalamba zimasowa wozipatsa ngakhale madzi.

M'maiko ambiri muli malo osungirako nyama zotayidwa, zovulala ndi zozunzidwa, ndipo gawo lalikulu la ntchito kumeneko limagwiridwa ndi anthu ongodzipereka, osayembekeza kanthu pakutha pa mwezi. Kuno kwathu wina akamva zoti mnzake wathera Loweruka lonse akusambitsa agalu kapena kuwola ndowe za mahatchi mwaulere, amangoseka. "Zachizungu zimenezo. Anthu akugona ndi njala, iye ali kalikiliki ndi agalu?" Funsoli si lopanda mutu, ndipo n'lofunika kuliyankha bwino.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali a Britain sadabwerere kwawo ndi mahatchi onse amene adapita nawo kunkhondo. Ambiri mwa amene adali ku Egypt adagulitsidwa komweko, nayamba kukoka ngolo ndi kusenza katundu wolemera. Mu 1930 mayi wina wa ku Britain, Dorothy Brooke, adafika mumzinda wa Cairo pamodzi ndi mwamuna wake yemwe adali mkulu wa asilikali, ndipo adawapeza mahatchi aja ali mafupa okhaokha. Mu 1931 adalemba kalata yopempha thandizo m'nyuzipepala ya Morning Post. Anthu adasonkha, ndipo m'zaka zitatu mayiyu adawombola mahatchi okwana 5,000. Ambiri adali atatheratu, moti chifundo chimene chidatsala chidali kuwapumitsa mosamva ululu. Koma nkhani sidathere pamenepo. Eni ake a mahatchiwo adali amphawi amene nsima ya ana awo imachokera pamsana pa nyama yodwalayo, choncho mu 1934 Brooke adatsegula chipatala chothandiza mwaulere mahatchi, abulu ndi nyulu za anthu wamba. Bungwe lotchedwa ndi dzina lake likugwirabe ntchito m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America. Wochiza hatchi ya wokoka ngolo amakhala wadyetsanso banja la mwini wake.

Ku Malawi mahatchi ndi owerengeka, ndipo ambiri amapezeka m'malo okopa alendo ndi m'mafamu. Amene amasenza goli la ntchito m'malo mwake ndi bulu. M'midzi ya m'chigawo chapakati ngolo za abulu zimatuta njerwa, mchenga, nkhuni ndi chimanga, nthawi zina n'kunyamulanso wodwala kupita naye kuchipatala. Koma tayang'anani pakhosi pa abulu ambiri amene mumakumana nawo pamsewu. Mupeza zilonda zoyenderera ntchentche, chifukwa adamangidwa goli la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi khosi lolimba loyenera goli, pamene bulu mphamvu zake zokokera zili pachifuwa, ndipo amafunika lamba wotakata, wofewa mkati, wodutsa pachifuwapo. Vuto lina n'lakuti bulu ndi nyama yobisa ululu. Akayamba kuyenda monyinyirika kapena kusiya kudya, mwini wake amati ndi mwano n'kuwonjezera chikwapu, pamene mwina chiboda chalasidwa ndi msomali kapena njoka zam'mimba zamufoola. Ubweya wake sutchinga mvula, choncho amafunika khola lofolera. Zonsezi ndi zinthu zimene mnyamata wophunzitsidwa kwa masiku ochepa atha kufotokozera woyendetsa ngolo pamsika, ndipo bulu amene akadafa msanga amagwira ntchito zaka zambiri.

Kufunika kwa bulu kudaonekanso pamene malonda a zikopa zake, zimene ku China amapangira mankhwala otchedwa ejiao, adayamba kutha abulu m'maiko angapo a mu Africa. Mu February 2024 atsogoleri a African Union, atakumana ku Addis Ababa, adagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa. Atsogoleriwo adaona kuti bulu akachoka pakhomo, katundu wake amabwerera pamutu pa amayi ndi ana.

Nanga galu? Apa mpamene mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire umagwira ntchito mosabisa. Bungwe la zaumoyo la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Ana ndiwo amakhala pachiswe kwambiri, poti ndiwo amasewera ndi agalu. Zizindikiro zikangooneka, wodwala sapulumuka. Koma akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasowa podumphira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi bungwe losamala nyama la Blantyre SPCA ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Jakisoni yekha sakadakwanitsa zimenezi. Padafunika woyenda khomo ndi khomo, wogwira galu, wolemba m'kaundula, wopaka utoto pamphumi pa galu wobayidwa kuti asabayidwe kawiri, ndi wokaphunzitsa ana kusukulu kuti akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako athamangire kuchipatala. Munthu wogwirizira galu wa eni ake pamzere wa katemera akuteteza mwana wake yemwe amadutsa pakhomo pamenepo popita kusukulu.

Tsono zoti kugwira ntchito mwaulere ndi khalidwe lobwera, ine ndimakana. Adzukulu amakumba manda osalemba invoisi. Amayi amachezera kuphika pamaliro, mudzi umaumba njerwa za sukulu, ndipo makolo athu ankalimirana pa dima, malipiro ake ali chikho cha thobwa kapena mowa. Tidadziwa kalekale kuti mutu umodzi susenza denga. Chatsopano n'chakuti lero kuli mabungwe, monga LSPCA ku Lilongwe ndi Blantyre SPCA, amene amasamala agalu, amphaka ndi ziweto zina, komanso Lilongwe Wildlife Centre yosunga nyama zakutchire zopulumutsidwa. Madokotala a ziweto m'dziko muno ndi ochepa. Dokotala akamathera nthawi yake kutsuka mbale za agalu ndi kusesa m'makola, ndiye kuti nyama ina yofunika opaleshoni ikudikira. Manja a wongodzipereka ndiwo amamumasula.

Koma wofuna ntchitoyi adziwiretu kuti walira mvula walira matope. Kukhola kulibe zonyaditsa. Kuli kuwola ndowe, kutunga madzi, kumweta udzu, kuchotsa nkhupakupa, kuchapa zofunda zonunkha ndi kuyenda ndi galu wamantha amene adazolowera kugendedwa. Kuli malamulo oti uwamvere. Hatchi suidzera kumbuyo mwadzidzidzi chifukwa imaponda, ndipo suipatsa chakudya chilichonse chimene wabwera nacho, poti mimba yake sichedwa kuvuta. Nyama yachilendo suigwira mwini ntchito asanakuuze. Kulinso masiku amene nyama imene waisamala kwa milungu imafa. Amene amabwera tsiku limodzi kudzajambulitsa zithunzi za pa Facebook amangochulukitsa ntchito, chifukwa wina amasiya zake kuti amuperekeze. Wothandiza weniweni ndi amene adalonjeza maola awiri pa sabata ndipo amafikadi, kaya kukugwa mvula kaya kuli mpira.

Tisaiwalenso kuti malo osungirako nyama si dzala lotayirako zimene zatitopetsa. Aliyense akamasiya tiana tagalu pageti lawo usiku, makola amadzaza ndipo chakudya chimaperewera. Thandizo lina lalikulu ndi kupititsa galu wako wamkazi kuti akamutseke asamangoswa chaka ndi chaka, kapena kutenga galu mmodzi kumeneko n'kumulera kwanu m'malo mokagula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, amene amaimika tiana padzuwa tsiku lonse.

Wokhala kutali ndi Lilongwe kapena Blantyre asati zapita ndi a m'tauni. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akalengeza tsiku la katemera, afunika anthu omemeza mudzi ndi ogwirizira agalu. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndipo mpingo, sukulu kapena gulu la achinyamata litha kusankha tsikulo kukhala lake. Telala wa pamsika atha kusoka malamba a abulu. Nyakwawa itha kudzudzula womenya bulu wachilonda monga imadzudzulira wodyetsa ziweto m'munda wa mnzake.

Amene akuti tiyambe tathetsa umphawi, za nyama tidzaona pambuyo, ayambe wafunsa banja limene bulu wawo adafa nyengo yotuta njerwa, kapena mayi amene adagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yokabayitsa mwana wolumidwa ndi galu. Mabanja amenewa umphawi udawalowera kudzera kukhola, ndipo maola awiri a munthu wodzipereka akadatha kuwatsekera khomo limenelo.