Nyimbo ya ku Japan Inaliritsa Nkhalamba ku Kafue Estates

Loweruka lapitali madzulo ndinakaceza kwa atate ena okalamba ku Kafue Estates. Kwao ndi ku Katete, koma anafika kuno ali mnyamata kudzafuna nchito, ndipo lero kumutu kuli imvi zokhazokha. Tiri pakhonde, mdzukulu wao anatsegula nyimbo pa foni yace. Anali mau a mkazi woyimba m'Cijapani, mau onjenjemera monga a munthu amene alikudziletsa kulira. Nyimbo isanathe ndinaona nkhalamba ija irikupukuta m'maso.

"Kodi atate, Cijapani munaciphunzira liti?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, sindinamvepo liu ngakhale limodzi," anatero. "Koma maiyu alikulira munthu amene anapita. Ndi mmene anali kuyimbira amai anga pamtondo, atate atapita ku Joni osabweranso."

Dzina la Japan si lacilendo m'tauni ino. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel, ndipo nyumba za Kafue Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitale a kuno. Cotero makina a anthuwa tinawadziwa kale. Nyimbo zao ndizo ambiri sitizidziwa.

Woyimba uja anali Hibari Misora, mai wochuka koposa pa nyimbo zimene eni ace amazicha enka. Anabadwa mu 1937 namwalira mu 1989. Nyimbo imene tinamva anaijambula mu 1966. Dzina lace ndi Kanashii Sake, ndiko kuti mowa wa cisoni. Anthu a ku Japan amakumbukira kuti poyimba nyimboyi pamaso pa khamu iye mwini anali kugwetsa misozi. Kunjenjemeretsa mau kuja ndi luso locita kuphunzira, ndipo amalicha kobushi. Nkhani za m'nyimbo za enka sizicuruka: wokondedwa amene anacoka, doko pamene sitima inamnyamulira, mvula ya usiku, mai wotsala ku mudzi.

Nanga cifukwa ninji dziko lolemera cotere linakonda nyimbo zolira? Nkhondo yaikuru itatha mu 1945, mafakitale a m'mizinda anafuna anchito ambiri. Kuyambira 1954 kufikira 1975 panali masitima a pamtunda onyamula anyamata ndi atsikana a zaka 15, ongotsiriza kumene sukulu, kuwacotsa m'midzi ya alimi kumpoto ndi kukawatula pa siteshoni ya Ueno mu Tokyo. Eni mafakitale anali kuwacha mazira a golidi. Anawa anasiya makolo, minda ndi zibwenzi zao, ndipo usiku m'zipinda zogona anchito cowatonthoza cinali wailesi. Nyimbo zimene zinachula zimene iwo anasiya zinagulidwa kwambiri.

Inu a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke, kodi nkhani iyi ndi yacilendo? M'masiku a atsamunda msonkho unathamangitsa amuna kupita ku minda ya azungu ku Southern Rhodesia, ku migodi ya Johannesburg ndi ku Copperbelt. Ena anabwera ndi njinga ndi mabulangete, ena anasanduka machona. Mkazi wotsala sakanatha kudandaula poyera pamaso pa apongozi. Bwalo lace linali mtondo. Pamenepo, munsi uli m'manja, anali kuyimba za mwamuna wosalemba kalata, za citenje cong'ambika, za munda umene alikulima yekha, ndipo mnzace wosinja naye anali kuvomera. Mudzi wonse unali kumva, koma palibe amene akanamzenga mlandu, pakuti inali nyimbo cabe.

Kusiyana kwace ndi uku. A ku Japan anajambula nyimbo zao pa malekodi, nazisunga, ndipo kufikira lero usiku wa pa 31 December oyimba enka amaonekera pa wailesi ya kanema ya dziko lonse. Ndico cifukwa cace mnyamata wa ku Kafue angathe kupeza mau a Hibari Misora pa foni. Zathu zinasungidwa pang'ono cabe. Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Acewa m'zaka za m'ma 1950 najambula nyimbo zina za pamtondo, ndipo ziri ku International Library of African Music ku South Africa. Malemu Alick Nkhata, amene anagwirapo nchito ndi Tracey, anabweretsa nyimbo zambiri za makolo pa wailesi ya ku Lusaka asanamwalire mu 1978. Koma zocuruka zinatsala m'mitima ya amai.

Cigayo cinabwera, ndipo tiyenera kuciyamika, pakuti cinapumitsa misana ya amai athu. Koma pa mzere wa ku cigayo palibe amene amayimba. Ngakhale atayimba, injini siingalole kuti amveke. Mtondo ukagona kuseri kwa nkhokwe, nyimbo zace zigonanso pomwepo.

Mdzukulu uja anapempha agogo ace kuti ayimbe nyimbo ya amai ao. Nkhalamba inayesa. Kamvekedwe kace inakakumbukira, koma mau anali atathawa, kupatula awiri kapena atatu. Inakhala cete nthawi yaitali, kenaka inati alipo mlongo wace ku Katete amene angaikumbukire yonse, koma papita zaka zambiri asanaonane. Inafunsa mtengo wa basi.

Tsono pempho langa kwa inu a ku mudzi ndi ili. Mafoni ojambula mau afika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Madzulo ano, nsima itatha, khalani pafupi ndi agogo anu akazi, muwapemphe nyimbo zimene anali kuyimba posinja, muwafunsenso kuti anali kuyimbira yani. Jambulani, ndipo mutumizire abale amene ali ku Lusaka, ku Kafue ndi ku migodi. Kapena wina mwa iwo, atamva, adzafunsanso mtengo wa basi. Akuluakulu anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Tidzacezanso sabata ya mawa.